Mbiya za Kunyumba kwa Sinat

Amonke olemekezeka, a Achar amene mukutsogolera mwambowu, akuluakulu a mudzi uno, abale amene mwabwera pa mabwato kuchokera ku Chhnok Tru, ndi inu nonse amene mwasiya dongo likuuma kuti mudzakhale nafe, banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri ya amene agona m'bokosimu. Ine ndine Prak Heng, mlamu wawo. Anamfedwa, Mayi Prak Sinat, ndi achemwali anga a bere limodzi, ndipo ndine ndinawaponda pamutu.

Pepala ndagwirali si loyamba. Loyamba ndinalemba dzana malemu atangotisiya, ndipo linali lalifupi, poti ndinkayesa kuti za munthu ameneyu n'zosachuluka. Ndinalembamo kuti anali wofatsa, wosayambana ndi anthu, wokonda kupuma. Nditawawerengera achemwali, anati, "Heng, ng'amba chimenecho. Khala pansi ndikuuze za munthu amene wakhala ukumunyoza zaka makumi atatu." Ndinakhala pansi. Zimene muti mumvezi ndi zimene anandiuza iwo, kuphatikiza zimene ndinaona ndi maso angawa koma osazizindikira. Dzina la malemu linaipa pamudzi pano, ndipo amene tinaliipitsa ndife amuna, ine patsogolo. Achemwali akuti moto wotentha thupi lawo usayatsidwe dzinalo lisanayeretsedwe.

Bambo Nget Sarun anabadwa pa 9 Juni 1955, chaka cha Mbuzi, m'nyumba yoyandama ku Chhnok Tru, pamene nyanja ya Tonle Sap imapanikizika n'kusanduka mtsinje. Anali achitatu mwa ana asanu a Bambo Nget Chhun ndi Mayi Sok Yim, asodzi onse awiri. Anabadwa sabata imene mtsinje unatembenuka n'kuyamba kubwerera kunyanja, monga umachitira chaka chilichonse mvula ikayamba, ndipo chingwe cha nyumba yawo chinamasulidwa kusamukira kumtunda khanda lili ndi masiku anayi. Anadziwa kupalasa bwato asanadziwe kuyenda bwino padothi. Mpaka ukalamba wawo ankayenda atatangadza miyendo ngati pansi pagwedezeka, moti tinkawazindikira akadali kutali.

Mu 1963 makolo anawapereka kukachisi wa kumtunda kuti akaphunzire kuwerenga ndi kulemba. Anakhalako zaka zisanu, ndipo mu 1968 anametedwa n'kuvala mkanjo wa umonke kwa zaka ziwiri, kuthokoza mayi amene anawabala. Ndikuganiza kuti kukhala chete anakuphunzira kumeneko. Nkhondo itabuka mu 1970 anavula mkanjo n'kubwerera kukathandiza bambo awo maukonde.

Za ulamuliro wankhanza uja wa 1975 mpaka 1979 sindinena zambiri, chifukwa aliyense waimvi pano ali nazo zake. Malemu anatengedwa kukakumba ngalande ku Pursat. Atabwerera wapansi anapeza madzi okhaokha pamene nyumba yawo inkamangiriridwa. Mwa anthu asanu ndi awiri a banja limenelo anatsala awiri, iwo ndi mlongo wawo, Mayi Nget Sarom, amene akhala apowa.

Ine ndinakumana nawo kumapeto kwa 1979 padoko la m'tauni, nyengo yogwira nsomba zopangira prahok, ndiwo yathu ija ya nsomba zosungidwa mu mchere. Ndinali nditasenza mitsuko ya achemwali kukasinthanitsa ndi nsomba, iwo akunyamulira asodzi madengu. Anatola mtsuko umodzi, kuugogoda ndi chala, n'kuutchera khutu. Anati, "Waumba uwu ndani? Ukulira ngati belu la kukachisi." Ndinati achemwali anga. Anafunsa ngati achemwaliwo anali pabanja. Ndinawauza kuti ayambe agula kaye mtsukowo, koma analibe chogulira, choncho anandisenzera nsomba mtunda wonse mpaka kuno. Mayi athu anawapatsa mpunga, iwo anadya maso ali poumbira.

Ukwati unachitika mu Febuluwale 1981, ndipo malemu analowa ukamwini pakhomo pa mayi athu, pano pa Trapeang Kou. Munthu wa pamadzi dongo sankalidziwa, koma anaphunzira msanga ntchito zonse za mwamuna wa kuno: kukumba mtapo m'munsi mwa phiri la Krang Dei Meas, kusinja, kusefa, kutema nkhuni, kuyala mbiya pootchera n'kuzifunda ndi udzu wa mpunga. Kenaka anaphunzira ngolo.

Kuyambira 1982 mpaka 1992 tinayenda limodzi, ngolo ziwiri, madzi akangophwa m'minda mpunga n'kulowa m'nkhokwe. Tinkafika ku Kampong Speu, ku Pursat, nthawi zina mpaka ku Battambang, ulendo wa mwezi wathunthu. Masiku amenewo mayi akafuna mbiya ankaidzaza ndi mpunga wosapuntha, ife n'kukhuthula mpungawo, iye n'kutenga mbiya yake. Malemu ankapakira mosamala ngati akugoneka makanda. Pa zaka khumi ngolo yawo inaswa mbiya zisanu ndi imodzi, ndipo zinayi mwa izo ndinapakira ndine.

Tikalowa m'mudzi sitinkavutika n'kufuula. Amayi ankatuluka okha n'kufunsa kuti, "Za Sinat zilipo?" Mtsuko wa achemwali unali wopyapyala, wopepuka, madzi ake ozizira ngakhale m'kutentha kwa Epulo, ndipo paphewa pake pankazungulira chidindo cha minga ya nsomba chimene agogo athu anasiyira mayi, mayi n'kusiyira iwo. Oumba tili nawo ambiri m'mudzi muno, ndipo sindikufuna kuyambana ndi munthu pamaliro, koma mukudziwa nokha. Achemwali sanapite kusukulu, munda wawo ndi wa miyala, golide sanavalepo. Chuma chawo chonse chinali dzina limenelo.

Mu Sepitembala 1992, madzi atadzaza, kunabadwa mwana wawo wachitatu, Kunthea. Patapita masiku khumi achemwali anadzuka mkono wamanja utafa, mwendo ukukoka. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, koma mkono ayi. Inu amayi mukudziwa kuti mbiya siumbidwa ndi dzanja limodzi. Lina limachirikiza mkati ndi kamwala, lina limamenya kunja ndi thabwa, uku munthu akuzungulira chammbuyo chitsa chimene pakhala mbiyayo. Mvula itatha, mathabwa anayamba kulira kunsi kwa nyumba iliyonse kupatula iyi. Anansi ankabwera kudzazonda ndi mawu otsika ngati ali pasiwa. Achemwali anatembenukira kukhoma n'kusiya kudya, ndipo khanda linkakayamwa kwa mnansi. Tsiku lina anauza amuna awo kuti, "Abambo a Borin, mungoyamba kundikonzera nkhuni za maliro anga. Sindikhala pano kuti anthu azindimvera chisoni n'kumati uyu kale anali woumba."

Malemu anatenga chikwanje. Anakadula masamba a mgwalangwa, analuka mpanda wautali kuposa munthu, n'kutchinga kunsi kwa nyumba mbali zonse zinayi. Kwa ofunsa ankati mphepo ikung'amba mbiya zaziwisi. Atamaliza ananyamula akazi awo kuwatsitsa pamakwerero, kuwakhazika pamphasa pafupi ndi chitsa, n'kutola thabwa. Achemwali akuti anaseka koyamba m'miyezi itatu. Anati, "Munthu wamkulu, mukufuna kutani nacho chimenecho? Anzanu akakuonani nkhope mukaibisa kuti?" Malemu anati, "Sandiona. Amayi a Borin, inu muzinena, ine ndizimenya."

Mbiya zoyamba zinali zochititsa manyazi. Ina akuti inatuluka ngati mutu wa mlamba, ndipo ankazibwezera m'dongo munthu asanazione. Achemwali anali mphunzitsi wosanyengerera, ndipo apa ndikhoza kuikira umboni popeza anandilera. Ankawakalipira kuti, "Mukumenya ngati mukupha njoka. Pepukitsani dzanjalo. Mwaimiranji? Zungulirani, dongo silidikira mkamwini." Malemu anazungulira chitsacho chammbuyo mpaka chizungulire kuwagwetsa, kudzuka, kuyambiranso. Mbiya ikafika pooneka ngati mbiya, achemwali ankaisalaza ndi dzanja lamanzere n'kudinda minga ya nsomba ija. Pamudzi panamveka kuti thabwa la Sinat layambanso kulira, kuti akuchita kulimangirira kudzanja ndi kansalu ka krama. Achemwali anayamba kudya, ndipo khanda linabwerera kwa mayi ake.

Koma woumba sangakhale mwezi wathunthu ali paulendo. Mu Malichi 1993 ndinabwera ndi ng'ombe zanga kuti tipakire, ndipo malemu anandiuza kuti sapitanso. Anati msana. Ndinauyang'ana msanawo, unali wowongoka kuposa wanga. Anandipatsa ngolo yawo kuti ndiipezere woyendetsa, n'kundipempha chinthu chimodzi. Anati, "Alamu, akakufunsani musamati anaumba ndi Sinat. Muziti ndi za kunyumba kwa Sinat." Ndinangoti ndi mayankhulidwe a munthu amene anakhalitsa kwa amonke, ndipo sindinawamvere n'komwe. Katundu wa chaka chimenecho anali wolemera, milomo yokhota, ndipo ndinkapepesa kwa ogula kuti achemwali akuchira kumene. Pofika chaka chachitatu panalibenso chopepesa. Ndinalumbira m'misika ya zigawo zinayi kuti mitsuko imeneyi akuumba ndi mayi wa dzanja lopuwala, ndipo amayi ena ankagwetsa misozi pogula.

Tsono taonani zimene ife amuna tinkaona. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo thabwa likulira kuseri kwa mpanda, malemu osaoneka. Thabwa likaleka, iwo ankatulukira atasamba bwinobwino n'kudziponya m'machila pansi pa mtengo wa mango uwo, pomwe tinkadutsa pochokera kumtapo thukuta lili kamukamu. Kunena zoona, madzulo ankakumba mtapo wawo, ankaotcha, ankalima kamunda kaja, koma izo sitinkaziona ngati kanthu. Tinkaona mwamuna wamphamvu zake akugona masana uku akudyetsedwa ndi mkazi wolumala. Palibe wa ife anasuzumirako kuseri kwa mpandawo, pakuti mwamuna wa kuno amadutsa poumbira ngati palibe chikuchitika. Dzina lakuti Bwana Machila ndinapeka ndine, paukwati wina, uchema utandikwera. Linagwira moti ana ena anakula akuyesa kuti ndi dzina lawo lenileni.

Tinkawaseka pamaso. "Bwana Machila, msana uli bwanji lero? Tikutumizireni wokukupizani?" Iwo ankangokweza dzanja n'kuti, "Ukuchira, achimwene, ukuchira." Pamisonkhano ya kukachisi sitinkawapatsa mpata wolankhula. Mu 1999, posankha amuna oyang'anira damu la mudzi, dzina lawo litatchulidwa bwalo lonse linafa ndi phwete, chonsecho pa nkhani ya madzi panalibe wowaposa. Chaka chotsatira, madzi osefukira akukwera, tinkapita mmodzimmodzi mozemba kukawafunsa kuti ng'ombe tizisamutse liti. Anatiuza, ndipo palibe ng'ombe inamira. Madzi ataphwa tinayambiranso kuseka.

Mu Epulo 2001, pachikondwerero cha chaka chatsopano cha kwathu kuno, ndinanena mawu oposa pamenepo pamaso pa khamu. Ndinati mayi athu analakwitsa kulandira mkamwini wa pamadzi, wozolowera kuti chakudya chimalowa chokha mu ukonde iye ali gone. Borin, mwana wawo woyamba, anali ndi zaka 19. Anaimirira n'kundiloza chala kumaso, ine malume ake, nati, "Malume, inuyo mumadya thukuta la ndani? Mukudziwa?" Bambo ake anamugwira pamkono asanapitirize. M'mawa mwake anabwera naye kwathu, kumugwaditsa, n'kumuuza kuti apepese ataphatikiza manja pamphumi. Anapepesa misozi ikuyenderera, ine n'kumukhululukira modzikweza ngati munthu wolakwiridwa. Borin, wakhala apo utameta mutu chifukwa cha bambo ako, lero ndine ndikupepesa kwa iwe pamaso pa anthu omwe aja.

Achemwali akuti tsiku limenelo anawagwira mwendo amuna awo kuti nkhaniyi iululike. Anati, "Zakwana. Mwana wathu agwadire chitsiru chifukwa cha ine?" Chitsirucho ndine, ndipo anandiuza kuti ndisachotse mawuwo. Malemu anakana. Anati, "Dzina langa silinadzutsepo munthu pamphasa. Lanu linakudzutsani. Ndinakuonani kamodzi mutayang'ana kukhoma, sindikufuna kuonanso." Achemwali anakhala ndi mawu amenewo pamtima zaka zonsezi, ndipo akuti panalibe tsiku limene kuseka kwathu sikunawabaye.

Tsopano ndinene za amayi. Katundu woyamba uja asanapakiridwe, Mayi Lorn, amene anapikisana ndi achemwali kuyambira ali atsikana, anatola mbiya imodzi pabwalo n'kulowetsamo dzanja. Anapapasa kukhosi, pamene chala chachikulu cha woumba chimasiya kanjira. Anati, "Sinat, matendawa akukulitsa chala." Mayi Lorn anaika mbiyayo pansi nati, "Uwauze manjawo achepetse dongo kumatako," n'kumapita. Akuti pofika madzulo woumba aliyense pamudzi pano anali atadziwa. Ena anali atazindikira kale ndi khutu, poti thabwa la Sinat linkalira mofulumira mosadukiza, pamene ili linkamenya katatu n'kupuma. Amayi makumi anayi anasunga nkhaniyi zaka 32, ndipo ngakhale pakati pawo sankaitchula. Ife tinkangodabwa kuti bwanji pazikondwerero mutu wa nsomba yaikulu unkapita kwa Bwana Machila. Mkazi wanga, amene wakhala apoyo akuyang'ana pansi, anali mmodzi wa iwo. Nditamufunsa dzana chifukwa chake sanandiuze, anati, "Ndikanakuuzani, nkhani ikanafika ku Battambang ng'ombe zisanafike. Ndinkakutsinani mukamaseka, inu munkati ndi udzudzu."

Mu 2010 kunabwera alendo ndi makamera kufuna kujambula Mayi Sinat akuumba, popeza mbiri ya woumba wa dzanja limodzi inali itafika kutali, ndipo inafikako ndi pakamwa panga pomwepa. Anaimika galimoto pakhomo mosachenjeza, malemu ali kuseri kwa mpanda dongo lili mpaka m'zigongono. Mayi Lorn ataona fumbi la galimoto anasiya mbiya yawo pachitsa, imene inauma n'kuwonongeka, n'kuthamanga. Anaima pakhomo la mpanda nati, "Kuno mphunzitsi saumba pamaso pa alendo. Timaumba ndife ophunzira ake, iye amadinda." Mwambo umenewo unabadwa tsiku lomwelo. Amayi khumi anakunkhuniza zitsa zawo mpaka pabwalo n'kuumba, achemwali atakhala pampando akudinda. Mayi Lorn, amene sanavomerepo chibadwire kuti Sinat amawaposa, anadzitcha wophunzira wake pamaso pa anthu achilendo. Malemu anazembera kuseri, kusamba, n'kukagona pamalo pawo pa nthawi zonse. Mlendo wina anafunsa ngati bambowo akudwala. Ndinayankha ndine. Ndinati ayi, ndi mmene alili.

Zaka zinasintha zinthu. Msewu waukulu unakonzedwa, ngolo za ng'ombe zinasiyira malo njinga zamoto, mapoto achitsulo ndi zigubu zapulasitiki zinadzaza misika. Atsikana ambiri anapita ku mafakitale a nsapato ndi zovala a ku Kampong Tralach, Kunthea nayenso, ndipo mathabwa anachepa pamudzi. Amuna ena anayamba kuumba mbaula ndi zikombole, ena miphika ya maluwa pagudumu, ndipo palibe anawaseka. Malemu akanatha kugwetsa mpanda nthawi imeneyo mutu uli m'mwamba. Ana anawapempha, iwo anakana, poti chimene ankabisa sichinali manyazi awo. Masamba akafumbwa ankaluka ena. Mbiya za kuseri kwa mpandawo ndi zimene zinaphunzitsa Borin, amene lero ndi mphunzitsi ku Boribo, ndi Chanthou, amene ndi namwino. Kunthea ankaima pachitsa Lamulungu lililonse akabwera kuchokera kufakitale. Ndi mtsikana yekhayo m'mudzi muno amene anaphunzira kuumba kwa bambo ake, ndipo amayi akuti nayenso amamenya katatu n'kupuma.

Chifuwa chinayamba mu Okutobala 2023. Ana anapita nawo kuchipatala cha m'tauni, kenaka ku Phnom Penh, kumene madokotala anapeza kuti mapapo atha ndi fumbi la dongo ndi utsi wa pootchera. Ine nditamva ndinafunsa kuti fumbi lochuluka chotero analipeza kuti munthu wongogona. Mawu amenewonso ndawalemba kuti muwamve. Anauzidwa kuti asiye ntchito, koma sanasiye. Ankaumba ziwiri patsiku m'malo mwa makumi awiri, kungoti thabwa limveke. Mu Disembala chaka chatha miyendo inakana kuzungulira chitsa. Kunthea anatsanzika kufakitale n'kubwerera kudzatenga thabwa, ndipo malemu anauza ana kuti amange machila mkati mwa mpanda. Masabata awo omaliza anagona mmenemo, akumvetsera, akulozera ndi chala pamene dongo lachuluka, achemwali ali pamphasa akukalipa monga kale. Aka kanali koyamba kuti bambo amenewa agone m'machila thabwa likulira.

Lachiwiri pa 18 Febuluwale 2025 m'mawa, amonke atawawerengera mawu opatulika, malemu anaitana akazi awo ndi dzanja. Anati, "Amayi a Borin, muzidya." Achemwali anati, "Ndamva, ndizidya. Koma mpanda ndigwetsa." Akuti malemu anamwetulira. Mwina anavomera, mwina analibe mpweya wokanira. Anapuma komaliza cha m'ma 9 koloko, ali ndi zaka 69.

Dzulo m'mawa achemwali anaitana ife amuna amene tinkaseka, tatsala asanu ndi atatu amoyo, kuti tizule mpandawo ndi manja athu. Mkatimo tinapeza chitsa, ndipo mozungulira chitsacho muli kanjira kokumbika mpaka m'kakolo, m'dothi lolimba loti khasu lingabwerere. Ndinapondamo. Phazi la achemwali mukulidziwa, ndi laling'ono ngati la mwana. Kanjirako kanandikwana ine n'kutsala malo. Mmodzi wa ife, amene sindimutchula, anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza. Sitinakwirire, aliyense wofuna akaone tikabwerako kukachisi. Masamba a mpandawo tawamanga mitolo, ndipo akhala pansi pa nkhuni za lero.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Prak Sinat, ana atatu, Borin, Chanthou ndi Kunthea, apongozi awiri, adzukulu asanu, ndi mlongo wawo, Mayi Nget Sarom, amene zaka zonsezi ankabwera kuno ndi nsomba zouma n'kubwerera ndi manyazi chifukwa cha zimene ankamva za mchimwene wawo. Amayi, bwererani kumadzi mutu uli m'mwamba, ndipo mukauze a ku Chhnok Tru kuti mwana wawo sanawachititse manyazi.

Banja likuthokoza amonke chifukwa chosatopa kubwera, a Achar, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mbali yawo, anzake a Kunthea a kufakitale amene afika pa lole m'mawa uno, achinyamata amene atema nkhuni ndi kumanga msasa, ndi onse amene mwabweretsa mpunga. Likuthokoza mwapadera Mayi Lorn, amene pa zaka 72 akana mpando ndipo aimirira apo chiyambire mwambo, pamodzi ndi amayi onse oumba a mudzi uno.

Achemwali andipatsa mawu awoawo kuti ndiwerenge mmene anawanenera. Akuti, "Aliyense amene ali ndi mtsuko wa kuno wogulidwa kuyambira 1993 adziwe kuti akumwa madzi a m'manja mwa Sarun. Ine ndinkangodinda. Ndinalandira ulemu wake, iye n'kulandira chitonzo chimene sichinali chake, ndipo ndinalola chifukwa ndinkaopa. Mkono umodzi unafa kalekale, koma manja anga afa Lachiwiri."

Pomaliza, amayi oumba apempha kuti popita kukachisi akhale patsogolo pa chingwe chokokera bokosi, chifukwa akuti akuperekeza mnzawo wa pachitsa. Banja lavomera. Ife amuna tiyenda kumbuyo kwenikweni, ndipo m'pamene patiyenera.

Alamu, zabwino zonse zimene tachita masiku atatuwa tazipereka kwa inu, zikutsogolereni kumene mukabadwenso, kukhale kopanda matenda ndi kopanda anthu a pakamwa ngati ine. Ndinayenda nanu zaka khumi pangolo, ndinadya za m'manja mwanu zaka makumi atatu, koma ndakudziwani dzana. Mundikhululukire. Munatopa, alamu, ndipo ife sitinadziwe. Gonani tsopano mu mtendere, palibe akusekeni.